Kudwazika wovulala, mtima uli pa maliro: mafunso ndi mayankho

Mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, bambo a kunyumba ananyamula mnzanga pa njinga yamoto kupita naye kumidzi ya ku Katete kukagula nshawa. Ine ndi mnzangayo tinkagulitsa pa benchi imodzi ku msika wa Kapata mu Chipata, chilimba chathu chinali chimodzi, ndipo lichero tinkabwerekana osapempha. Pobwerera, chakumadzulo, galimoto inawagunda mu Great East Road. Mnzanga anatsirizikira pomwepo. Bambo anathyoka ntchafu ndi mkono wamanzere, ndipo ine ndinakhala wodwazika kwa miyezi isanu.

Chiyambire nthawi imeneyo amayi a ku Chigwirizano ndi anzanga a pamsika akagweredwa zotere amabwera kudzandifunsa, ena pakhonde, ena pa WhatsApp pakati pa usiku. Mafunso ake amafanana. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi zimene anamwino anandiphunzitsa komanso zimene ndinaona ndi maso angawa.

Maliro ali kumudzi, wodwala ali m'chipatala. Ndikhale kuti?

Funso ili limafika usiku woyamba, mutu usanayambe n'kuganiza komwe. Munthu wosatha kudzuka amafuna wodwazika pambali pake: womumwetsa madzi, womutayira mkodzo, wothamanga kukaitana namwino. Zimenezo n'zoona kaya muli ku chipatala cha Chipata Central, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena ku Nyanje.

Ine ndinasankha kukhala. Mnzanga anaikidwa m'manda ine ndili pa mpando wa pulasitiki, ndikuingitsa ntchentche ndi chikuto cha kope. Lero ndimati ndinalakwitsa. Bambo anafunikadi munthu, koma munthuyo sanayenere kukhala ine tsiku limenelo. Alamu anga analipo, apongozi analipo, onse anali okonzeka. Chinandimanga ndi mantha akuti anthu adzati, "Wasiya mwamuna ali pa bedi n'kupita kokalira mwana wa eni."

Ndiye ndimati funsani dokotala mosapita m'mbali: kodi wodwalayu ali pakati pa moyo ndi imfa lero kapena ayi? Ngati ayi, siyani wachibale wodalirika ndipo pitani tsiku loika, ngakhale mufike mwambo uli pakati n'kubwerera madzulo omwewo. Kuchoka ku Chipata kufika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 90, si ulendo wogonera. Ngati opaleshoni yagwera tsiku lomwelo, khalani, koma tumani munthu wamkulu apite ndi chipepeso chanu ndipo akanene pa siwa chifukwa chimene simunafikire. Zikapanda kunenedwa ndi pakamwa panu, ena adzakunenerani zawo.

Wovulalayo sakudziwa kuti mnzake wamwalira. Timuuze kapena tibise?

Kwathu kuno timakonda kubisa. Timati, "Ali ku wodi ina, akupezako bwino," poganiza kuti tikumuteteza. Ife tinabisa masiku anayi. Tsiku lachisanu kunabwera mayi wina wa pamsika atanyamula nthochi, anagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Pepani ndi maliro aja, bambo." Kwa sabata yathunthu bambo sanandilankhule. Pambuyo pake anati chinawapweteka kwambiri si imfayo ayi, koma kuti kwa masiku anayi ankafunsa za munthu wakufa ife tikuwamwetulira.

Kudikira kulipo kwake. Ngati munthu sakudziwa kumene ali, akulowa m'chipinda cha opaleshoni, kapena wangotsitsimuka kumene, dikirani. Koma akangoyamba kuzindikira anthu ndi kufunsa yekha, muuzeni. Muuzeni inu, osati mlendo kapena Facebook. Dziwitsani namwino kuti mukufuna kunena, sankhani nthawi yopanda alendo, ndipo pakhale munthu mmodzi amene wodwalayo amamulemekeza, kaya amalume ake, abusa kapena akatekisiti. Mawu ake akhale owongoka: "Anatisiya tsiku lomwelo." Musati "zinthu sizinayende bwino," chifukwa munthu wa mankhwala a ululu m'thupi sagwira miyambi. Akafunsa kuti anaikidwa liti, kunali ndani, ana ali ndi yani, yankhani zonse. Akafunsanso mawa zomwezo, yankhaninso.

Akungonena kuti "ndine ndamupha." Ndimuyankhe chiyani?

Apa m'pamene ndinavutika koposa, chifukwa mbali ina ya mtima wanga inkavomereza. Helimeti inali imodzi, ndipo anavala ndi bambo. Lamulo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale, tonse timadziwa, koma m'misewu ya Chipata ndi angati amene amanyamula ziwiri? Helimetiyo inabwera kunyumba mu jumbo pamodzi ndi nsapato, ili ndi mkwasa umodzi wokha. Ndinaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikamasesa sindinkaiyang'ana.

Musathamangire kunena kuti "ndi chifuniro cha Mulungu" kapena "tsoka silinunkha." Mawuwo amatseka pakamwa pa munthu, koma mlandu umakhalabe mkati. Musiyeni afotokoze mmene zinachitikira, kuyambira pamene anamanga matumba mpaka pamene anamva hutala. Adzabwereza kambirimbiri. Ngati pali chimene analakwitsadi, musamunamize kuti palibe, amadziwa. Chimene mungamuuze moona n'chakuti kulakwitsa ndi kupha dala ndi zinthu ziwiri, ndipo sanadzuke m'mawa uja ndi cholinga choti munthu afe. Tsiku lina ndinangoti, "Abambo a mwana, inenso ndimamusowa," basi, tinalira tonse. Kumeneko kunathandiza kuposa maulaliki anga onse a masabata atatu.

Tatuluka m'chipatala ndi chikhakha. Ndiziyang'ana chiyani?

Zala. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse gwirani zala za mkono kapena za phazi lomwe lili m'chikhakha. Zikhale zofunda, zizigwedezeka, ndipo mukatsina chikhadabo chiyere n'kubwerera msanga mtundu wake. Zikazizira, zikada, zikachita dzanzi, zikatupa ngati chinangwa chovviika, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa ngakhale wamwa mankhwala, chikhakhacho chathina. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku omwe, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.

Masiku oyamba mkono kapena mwendowo uzikhala pamwamba pa mapilo kuti kutupa kutsike. Chikhakha chisanyowe, posamba chikulungeni ndi pepala la pulasitiki. Kukatentha mkati mumayabwa zedi, ndipo wodwala amafuna kulowetsa kamtengo, sipoko ya njinga kapena singano yolukira. Mulandeni. Khungu likakandika mkatimo simuona chilonda mpaka fungo litatuluka. Fungo loipa, madzi odontha m'chikhakha, kapena thupi kutentha, zonsezi n'zobwerera nazo kuchipatala.

Mafupa ambiri a mkono amalumikizana m'masabata 6 mpaka 8. Ntchafu ya munthu wamkulu imatenga miyezi 3 mpaka 6, kaya anaika chitsulo kapena anakoka ndi zolemera. Asaponde mwendowo dokotala asanalole, ngakhale aneneri alamule.

Chinthu china chomwe ambiri sitichidziwa: munthu wogona nthawi yaitali magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo. Katumba akatupa mbali imodzi, akatentha ndi kuwawa, pitani kuchipatala ndipo musasisite. Akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kubaya m'chifuwa, imeneyo ndi ngozi ya mphindi, pezani galimoto.

Anamenyetsa mutu, koma anamutulutsa akuyenda yekha. Zatha?

Ayi ndithu. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza. Kusanza mobwereza, mutu wowawa mowonjezereka, tulo tosadzutsika, kulankhula zosokonekera, kugwa ngati wakhunyu, madzi kapena magazi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, kufooka mbali imodzi ya thupi: chilichonse mwa izi bwererani msanga. Mwa okalamba ndi okonda mowa zizindikirozi zimatha kuoneka patapita masabata. Vuto lake n'lakuti m'nyumba ya chisoni munthu wongogona ndi wosalankhula timati "akuganiza za maliro." Muyeseni: mufunseni dzina la mwana wake woyamba ndi tsiku la lero.

Zilonda za pogona zimayamba bwanji?

Zimayamba ngati kanthu kosaopsa, kadera kakhungu kofiira kapena kodera kumunsi kwa msana, m'chiuno, kapena ku chidendene. Thupi likatsamira malo amodzi magazi safikapo ndipo mnofu umafa. Mutembenuzeni pakatha maola awiri alionse, molingana ndi mmene achipatala anakuonetserani pa kuvulala kwakeko. Nsalu ya pabedi ikhale youma ndi yosakwinyika, nyenyeswa za nsima ndi chimanga chokazinga zichotsedwe. Pansi pa akakolo ikani kapilo kuti zidendene zilendewere. Ngati anavulala msana kapena khosi, asatembenuzidwe ndi munthu mmodzi. Pafunika atatu kapena anayi, mutu ndi thupi ziyendere limodzi ngati chipika.

Maola awiri alionse ndiye kuti ndi usiku omwe. Munthu mmodzi sangathe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndinaphunzira mwambi umenewu nditagwa chizungulire pa chitsime.

Nanga mankhwala a ululu? Nanga a sing'anga?

Panado wa 500 mg, munthu wamkulu amwe awiri pa nthawi, osapitirira asanu ndi atatu pa maola 24, ndipo yang'anani mankhwala a chimfine chifukwa ambiri ali ndi Panado yemweyo mkati. Kupyola muyeso kumaononga chiwindi. Brufen ndi diclofenac amwedwe atadya, osaphatikiza awiriwo, ndipo si a munthu wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso. Ngati amamwa kale ma ARV, a shuga kapena a BP, asasiye, ndipo achipatala adziwe. Mowa ndi kachasu ayi. Anzawo a bambo ankabwera ndi kabotolo m'thumba la jekete, ati "n'kochotsa maganizo." Ndinawathamangitsa ndi chipande m'manja ndipo sindinapepese. Fodya nayenso amachedwetsa fupa kulumikizana.

Za a sing'anga, apongozi anga anabwera ndi mphini m'maganizo. Ndinawauza kuti, "Amayi, pempherani mmene mungathere, koma lumo lisakhudze mwendo uwu." Pamene pali chitsulo mkati, chilonda chaching'ono chimalowetsa tizilombo mpaka ku fupa, ndipo mafinya a m'fupa sachira msanga. Phulusa, dothi kapena ndowe pa bala zimabweretsa kafumbata. Chikhakha chisachotsedwe kunyumba kuti amange timitengo.

Adye chiyani?

Nsima ndi ndiwo zomanga thupi: kapenta wodya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, soya, mkaka ukapezeka, chibwabwa kapena bonongwe wotendera. Phala la m'mawa thirani nsinjiro. Wogona amadzimbidwa, makamaka ndi mankhwala amphamvu a ululu, choncho madzi ambiri, papaya, mango ikakhala nyengo yake. Ena amakana kumwa madzi pochita manyazi ndi chitini cha mkodzo. Nenani naye poyera za zimenezo. Ndipo inu odwazika, mbale yanu ikhale pomwepo. Ine ndinkapakula ya bambo, yanga n'kuiwala mu mphika mpaka ana adye.

Ndalama zatha. Tigogode kuti?

Choyamba ndi mapepala. Ngozi ya pamsewu ilembedwe ku polisi, ndipo tengani fomu ya apolisi yomwe dokotala amadzaza za kuvulalako. Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ya pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene yawavulaza, koma popanda lipoti la apolisi ndi la chipatala simudzapita patali. Sungani malisiti onse ndi zithunzi za X-ray mu envulopu imodzi, ndipo jambulani chilichonse pa foni. Ine ofesi ina inanditayira pepala ndipo ndinayenda maulendo atatu kuti lilembedwenso.

Ngati muli mu NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, nenani pofika pomwe ndipo funsani zimene ikulipira pa chipatala chimenecho. Wovulala ali pa ntchito ya abwana afunse za Workers' Compensation, chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Kuvulala kukasiya chilema, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu mukafunse za Social Cash Transfer, ndalama za boma zothandiza ovutika. Akakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, kumbukirani kuti ndi makilomita oposa 550, ndipo wodwazika nayenso amadya ndi kugona. Werengerani anthu awiri.

Kwa abale, pemphani chinthu chotchulika. Mukati "tithandizeni" amayankha "tili nanu m'mapemphero." Mukati "alamu, ndalama ya takisi ya Lachinayi kupita ku mafizo (kolimbitsa thupi kuchipatala) ikhale yanu," imabwera pa Airtel Money. Mvula ikayamba mu Novembala munda sudikira wodwala, ndiye pemphaninso manja: mphakati, Chigwirizano, Dorika, achinyamata a mpingo. Athu anatibzalira chimanga tsiku limodzi, ife tinangowaphikira thobwa.

Ndalama za chilimba ndi katundu wa malemu zili m'manja mwanga. Ndipereke kwa yani?

Musapereke kuseri kwa nyumba kwa amene wayamba kufunsa. Lembani zonse, itanani a banja la malemu mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mboni, ndipo perekani kwa amene banja lamusankha kuyang'anira chuma cha masiye. Munthu akamwalira osasiya wilu, lamulo la Zambia la 1989 limagawa motere: ana 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene ankadalira malemu 10. Kulanda katundu wa ana amasiye ndi mlandu. Ine ndinapereka ngakhale sikelo yake yoyezera nshawa, ngakhale ndinkailakalaka kuti ikhale chikumbutso.

Nthawi zina ndimakwiya naye wodwalayu mpaka kufuna kuthawa. Kodi ndine woipa mtima?

Simuli. Taganizani: munthu amene mukadathamangira kukamudandaulira kuti mwatopa ndi yemweyo wapita. Ine ndikakangana ndi bambo kale, m'mawa mwake ndinkakhuthulira mnzanga zonse tikusankha nshawa, iye n'kuseka, n'kunditukwana pang'ono, nkhani n'kutha. Tsopano ndinali ndi wodwala wokwiya, ana, ngongole, ndipo foni ndinkaitenga n'kufika pa dzina lake chala chili m'mwamba. Alendo onse ankafunsa, "Odwala agona bwanji?" Palibe anafunsa kuti wodwazika wagona bwanji, ndipo chifukwa malemu sanali m'bale wanga, palibe ankandiwerengera ngati wofedwa. Sanandimete, sanandipepese. Chinjira alibe malo pa mphasa ya anamfedwa.

Mkwiyo umenewo ndi kutopa kosakanikirana ndi chisoni. Ukakwera, tulukani panja, muuzeni mwana wamkulu akhale ndi wodwala, kachapeni kapena kayendeni mpaka pa mseu. Pezani tsiku limodzi pa sabata loti wina agwire, ndipo tsikulo musalithere pa mtondo. Koma mukaona kuti mwayamba kumugwira mwankhanza, kumumana chakudya kapena kumutukwana tsiku ndi tsiku, musabise. Itanani ankhoswe kapena akulu a mpingo, wina alowepo.

Sindinalire mpaka lero. Chalakwika n'chiyani?

Palibe. Manja akatanganidwa misozi imadikira. Yanga inabwera patatha miyezi iwiri, ku Saturday Market, nditaona chitenje chofanana ndi chimene tinagula limodzi chopita nacho ku mwambo wa Nc'wala. Ndinakhala pansi pakati pa matumba a makala n'kulira ngati mwana, mayi wina wosamudziwa atandigwira phewa osafunsa kanthu.

A kubanja la malemu sakutilankhula, ena akuti tinakhwimira bizinesi. Titani?

Imfa ya ngozi kwathu kuno siikhala yopanda mwini, ndipo wopulumuka ndiye amakhala pafupi ndi chala. Musayankhe pamsika kapena pa Facebook. Tumani akuluakulu, ankhoswe kapena anyakwawa, apite ndi nkhuku ndi ufa, akapepese m'dzina la banja lanu ndi kunena kuti wovulalayo akadzayenda adzabwera yekha. Mwina adzakubwezani koyamba. Ife anatibweza kawiri. Kachitatu amayi ake a malemu anafunsa kuti mwendo uli bwanji. Koma zikafika poopsezana, uzani amfumu ndi apolisi msanga.

Ndi liti pamene chisoni chimafuna achipatala?

Masabata oyamba kulota ngozi, kudzidzimuka ndi hutala, kusowa tulo ndi kusafuna kudya n'zachibadwa. Zikapitirira mwezi osachepa, munthu akuona ngoziyo masana ngati ikuchitikanso, akukana mafizo, akukana kuona anthu, nenani kwa dokotala pa tsiku loonetsa mwendo. M'zipatala zikuluzikulu muli ogwira ntchito za matenda a maganizo ndi aphungu. Bungwe la WHO limawerengera chisoni chopitirira miyezi 6 chomwe chikulepheretsa munthu kugwira ntchito ndi kukhala ndi anthu ngati vuto lofuna chithandizo. Zimenezi zikukhudza inunso odwazika.

Akanena kuti "bola ndikadafa ndine" kapena "mudzapumula ndikachoka," musaseke ndipo musamukalipire. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Chotsani m'nyumba mankhwala a thonje, a fodya ndi a mbewu, zingwe, ndi mapilisi owunjikana. Asakhale yekha, ndipo pitani naye kuchipatala. Lifeline Zambia imayankha pa 933 kwaulere, ya ana ndi 116.

Mnzanga sanamwalire, anangosamukira ku Lusaka ine ndili pakati pa matenda. N'zololeka kumva chisoni chonchi?

N'zololeka. Wachoka ndi mapazi amasiyanso mpando wopanda munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti wanuyo foni amayankha. Muimbireni, muuzeni kuti mwakhumudwa ngati mwakhumudwa, ndipo mupatseni ntchito: aziimba Lamlungu lililonse madzulo, afunse za inu asanafunse za wodwala.

Kumanda tipite liti?

Wovulala akatha kukhala m'galimoto ndipo a banja la malemu avomera. Musapite mozemba; kumanda kuli eni ake, pemphani kudzera kwa amfumu a mudziwo ndipo mudzaperekezedwa.

Ife tinapita mu Malichi, mvula ikukata. Galimoto inatisiya pa sukulu chifukwa cha matope, ndipo bambo anayenda ndi ndodo ziwiri mtunda umene mwana amathamanga mphindi zisanu, iwo theka la ola, ndodo zikutitimira. Achimwene ake a malemu anali kutsogolo akupatula udzu. Pa mtumbira panali patamera chisoso ndi kamtengo ka nshawa kamodzi, kaya kanagwa m'thumba la yani. Bambo anapempha khasu, anakhala pansi mwendo atautambasula, n'kuyamba kupalira pamene mkono unkafika. Ine ndinapalira mbali inayo. Kanshawa kaja tinakasiya.